Bodi ifuna kulemba konsatanti wa ku Lusaka kuti asinthe kasewenzedwe pa kampani yathu, kodi zimathandizadi?

Wa_ku_Kapata analemba:

Muli bwanji nonse abale. Ndipempha nzeru kwa amene munaonapo zotere, makamaka a HR kapena amene munasewenzapo pa malo pamene utsogoleri unasintha.

Ine ndili ku accounts pa kampani ina muno mu Chipata, dzina sinditchula. Timagula nshawa, soya ndi sanifulawa kwa alimi, madepo athu ali ku Chipangali, Kasenengwa, Chadiza ndi Vubwi, ndipo timayenga saladi nkugulitsanso keke kwa oweta nkhuku ndi nkhumba. A nchito okhazikika tilipo ngati 40 koma ikafika nthawi yogula mbeu kuyambira mu May timachuluka kwambiri chifukwa cha a ganyu, onyamula matumba ndi azimai osankha nshawa.

Amene anayambitsa kampani, tonse timangowaitana kuti atate, akalamba ndipo shuga iwavuta, ndiye chaka chatha anaika mwana wao wamkazi kukhala manija wamkulu. Maiyu ndi wophunzira, anapita ku UNZA nasewenza zaka ku Lusaka, ndipo kunena zoona zimene afuna ndi zabwino. Anachotsa masikelo opachika aja nkuika a digito, anakamba kuti alimi azilandira ndalama pa Airtel Money kapena MTN osati akapitao kumanyamula ndalama mu chola pa njinga yamoto, anabweretsanso anyamata awiri atsopano, wina wa ku Kitwe akamba Chibemba wina ndi Mtonga wa ku Monze. Ku warehouse anakweza mtsikana wina amene anali kalaliki kukhala sapavaiza chifukwa mabuku ake sanasowepo thumba ngakhale limodzi.

Kuchokera pamenepo pa kampani palibe mtendere. Akapitao akale, madoda amene anayamba ndi atate kampani ikali ka shopu, sakumumvera mtsikana uja, akawauza chinthu amangoti tamva kenaka madzulo apita kunyumba kwa atate kukafunsa ngati nzoona, ndipo atate nawo chifukwa cha chifundo nthawi zina amasintha zimene mwana wao walamula. Mitingi ya Lolemba yayamba kuchitika mu Chingelezi chifukwa cha anyamata atsopano aja, ndiye azimai a ku sorting amangokhala kumbuyo pa matumba osakamba kanthu, akatuluka ndi pamene mumamva kuti kampani yapita kwa alendo. Anyamatawo nawonso adandaula kuti akalowa mu kantini anthu amasiya kuseka.

Tsopano bodi yakamba kuti tilembe konsatanti. Pabwera proposal kuchoka ku Lusaka, mitu yake itatu, change management (kuyendetsa kusintha), diversity and inclusion (kuti anthu osiyana mitundu, amuna ndi akazi, asewenze pamodzi popanda tsankho), leadership development (kuphunzitsa utsogoleri). Akuti wekishopu masiku atatu pa lodge kenaka lipoti, mtengo K95,000 osawerengera chakudya ndi malo ogona. Ine ndi amene ndidzakonza malipiro ndipo mtima sunakhazikike, chifukwa ndalama imeneyo ikhoza kugula matumba ambiri a soya, komanso anthu atangomva kuti kubwera konsatanti ayamba kale kunong'ona kuti ndi retrenchment, wina anandifunsa pa geti kuti kodi dzina langa lilipo pa listi.

Kodi alipo amene anaona konsatanti akuthandiza zenizeni pa vuto ngati ili? Ngati inde mumamusankha bwanji, ndipo mumamuuza kuti achite chiyani? Ine ndimaikonda kampani imeneyi, ana anga aphunzira ndi malipiro a pano, sindifuna kuiona ikugawika pawiri.

Kapitao_wakale anayankha:

Mwana wanga, ine ndinasewenza zaka zambiri pa kampani ina ya thonje, ndinayambira pa sikelo mpaka kufika poyang'anira madepo a ku Katete ndi Sinda, ndipo makonsatanti ndinawaona. Amabwera ndi mapepala akuluakulu omata pa khoma, akugawani m'magulu, mulemba mavuto anu ndi maka, masana mudya nkhuku, mujambulitsa chithunzi panja, koma Lolemba aliyense abwerera pomwe anali. Sindikamba kuti onse ndi odya ndalama chabe, ai, koma masiku atatu pa lodge sangachize chimene ndawerenga apa.

Vuto lanu ndi lakuti muli ndi mabwana awiri. Masiku onse amene atate alandira akapitao pakhonde nkumawayankha za nchito, mwana wao sadzakhala manija, ngakhale mutaitana konsatanti wa ku London. Ndipo chimenechi sichifuna K95,000. Atate abwere okha ku warehouse, aitane aliyense mpaka mlonda ndi wophika tiyi, akambe mu Chinyanja kuti ine ndatula, makiyi awa, ku banki siginecha yanga yachoka, amene mudzamvera ndi uyu. Pambuyo pake kapitao akabwera kunyumba amulandire bwino, amufunse za odwala ndi za mvula, koma akangoyamba za nchito amuuze kuti pitani kwa amene ndinakuonetsani. Akachita zimenezi kawiri katatu nkhani idzamveka madepo onse popanda memo.

Koma ndifunanso ndiwaimilireko madoda anzangawo chifukwa mwawalemba ngati anthu ouma mitu chabe. Ganizani munthu amene wanyamula ndalama za kampani mu chola zaka zonsezi, kudutsa m'tchire ndi m'madambo, osasowetsa ngwee, kenaka tsiku lina apeza pepala la Chingelezi pa notisi bodi lakuti kuyambira lero sadzagwiranso ndalama. Iye chimene amamva mumtima ndi chakuti mwamutcha mbala pamaso pa ana. Inde alipo ena amene anali kubera alimi pa sikelo, tonse tidziwa, ndipo sikelo ya digito yawapweteka, amenewo asakuvuteni. Koma ambiri chimene chawawawa nchakuti palibe anawafunsa.

Ndipo mukanawafunsa akanakuuzani zinthu zimene za mu ofesi simungazidziwe. Akanakuuzani kuti kumidzi kwina netiweki ndi ya pachulu, kuti agogo ambiri SIM yao inalembetsedwa mu dzina la mdzukulu ndiye ndalama ya nshawa ikalowa agogo saiona, kuti agent wa pa msika amakhala alibe float pamene alimi onse afuna kutapa tsiku limodzi ndiye mlimi amayamba kugulitsa kwa wa briefcase amene alipira pamanja ngakhale mtengo uli wotsika. Adziwa amfumu amene muyenera kuwaonekera musanaike sikelo pamudzi, adziwa mlimi amene amanyowetsa nshawa kuti zilemere. Nzeru imeneyo mulibe mu kompyuta. Manija wanu akawatenga madodawa nkuwauza kuti mobile money sitibwerera m'mbuyo koma ndiuzeni tiichite bwanji kuti alimi asatithawe, adzadabwa m'mene adzamuthandizire.

HR_Chipata anayankha:

Zikomo asisi pofunsa musanalipire, ambiri amafunsa ndalama itapita kale. A Kapitao akamba zoona pa nkhani ya atate, koma pa konsatanti ndisiyana nao pang'ono. Akulu anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa. Pa kampani ya banja pali zinthu zimene wa mkati sangakambe, inuyo simungauze atate kuti mukusokoneza mwana wanu, mwana wao sangakambe, a bodi ambiri ndi anzao a atate. Munthu wakunja amene sadya pa kampanipo akhoza kukamba, ndipo azimai a ku sorting akhoza kumuuza zimene sangauze bwana. Ndiye funso langa si lakuti konsatanti kapena ai, koma mukugula chiyani kwa iye.

Proposal imene mwafotokozayo ine sindingaisainire. Munthu walemba kale mankhwala asanaponde pa kampani, sanaone depo ngakhale imodzi. Ambiri amabwera ndi masilaidi omwewo a njira zosinthira kasewenzedwe, masitepe 8 a John Kotter kapena atatu a Kurt Lewin a m'ma 1940, nzeru zake ndi zabwino ndithu koma amaonetsa zomwezo ku banki, ku NGO, ku mgodi, amangosintha dzina la kampani pa tsamba loyamba. Inu lembani nokha terms of reference, pepala lofotokoza nchito imene mufuna achite, tsamba limodzi kapena awiri, mutchule mavuto anu enieni monga mwawalembera pano, kenaka muitane anthu atatu apikisane. Gawo loyamba likhale lomvetsera chabe, apite ku madepo, akhale ndi akapitao paokha, azimai paokha, anyamata atsopano paokha, atate paokha, ndipo akambe Chinyanja iye mwini kapena abwere ndi mnzake wochidziwa, osati kutenga wa mu ofesi mwanu kukhala womasulira chifukwa anthu adzatseka pakamwa. Akatha abweze zimene wamva kwa onse popanda kutchula maina. Maphunziro abwere pambuyo, ndipo akhale a pang'onopang'ono pa malo a nchito, theka la tsiku mwezi uliwonse kwa miyezi ingapo, osati kuunjika zonse pa lodge.

Malipiro muwagawe, pang'ono poyamba, ena akabweretsa zimene wapeza, omaliza patapita miyezi atabweranso kudzaona ngati zasintha. Mufunse mapepala a PACRA, TPIN ndi tax clearance ya ZRA, ndipo inu a accounts mudziwa kale kuti pa consultancy fee ya munthu wa muno mu Zambia pali withholding tax, msonkho umene mumadula pomulipira, ya 15%, mugwirizane poyamba ngati mtengo wake waphatikiza kale kuti musadzakangane. Ngati agwira za HR afunika kukhala wolembetsa ku ZIHRM, bungwe la ogwira za HR muno mu Zambia, ndi practising certificate ya chaka chino, lamulo latsopano la bungweli ndi la 2022. Chachikulu, akupatseni manambala a makampani awiri amene anawathandizapo, ndipo mukaimba musakambe ndi bwana yekha amene anamulemba, pemphani kukamba ndi sapavaiza wamba.

Za retrenchment musazisiye zikuyenda m'makona. Ngati palibe amene achotsedwa, manija akambe poyera sabata ino, konsatanti asanabwere. Ngati bodi ili ndi maganizo ochepetsa anthu, asabise kumbuyo kwa wekishopu, atsate Employment Code Act No. 3 ya 2019. Section 55 ikamba kuti pa redundancy, kuchotsa munthu chifukwa nchito yake siifunikanso, wa nchito kapena omuimira auzidwe masiku osachepera 30, a labour office masiku osachepera 60, ndipo malipiro ake ndi miyezi iwiri pa chaka chilichonse chimene munthu wasewenza, osatsika pamenepo. Muchenjerenso apa, section yomweyo imawerenga ngati redundancy mukasintha conditions of service za munthu moipa iye asanavomere. Ndiye ngati akapitao anali ndi alawansi yonyamula ndalama yolembedwa mu contract ndipo mwangoichotsa, mwina mwalowa kale m'mavuto osadziwa, yang'anani ma contract ao mawa.

Pa diversity, anthu amaganiza kuti ndi nkhani ya azungu kapena ya ma donor koma ili mu malamulo athu. Section 5 ya Code yomweyo iletsa tsankho pa nchito chifukwa cha mtundu, chilankhulo, kukhala mwamuna kapena mkazi, mimba, chipembedzo, ulemali, matenda ndi zina. Palinso Gender Equity and Equality Act ya 2015 ndi Persons with Disabilities Act ya 2012. Code ifunanso kuti kampani ikhale ndi harassment policy, grievance procedure, code of conduct, ndi policy ya HIV, zolembedwa ndipo anthu azidziwe. Makampani ambiri a banja kuno kwathu alibe, chifukwa kale madandaulo onse anali kuthera pakhonde pa mwini wake. Tsopano mukatseka khondelo monga a Kapitao akambira, muyenera kutsegula khomo lina loti munthu wodandaula alowerepo, apo ayi madandaulo adzangosanduka miseche. Ntchito imeneyi konsatanti wabwino angakuthandizeni, ndipo azilembe mu Chinyanja chomveka osati Chingelezi cha maloya chokha.

Mungachite nokha chinthu chimodzi lero popanda kulipira munthu. Tengani payroll, mulembe pa pepala nchito iliyonse, ndani ali pamenepo, mwamuna kapena mkazi, wakhala zaka zingati, alandira zingati. Mukaona kuti azimai onse ali ku sorting ndi kusesa, amuna onse ali pa sikelo, pa makina ndi pa galimoto, ndipo malipiro apamwamba ali mbali imodzi, mwaipeza kale theka la lipoti limene mukanagula.

Mai_wa_ku_Petauke anayankha:

Ine ndawerenga za mtsikana wa ku warehouse uja misozi inali pafupi, chifukwa ndinadutsa momwemo. Ndinali kalaliki pa chigayo china chachikulu, anandikweza kukhala sapavaiza wa shift ya amuna okhaokha, ena a msinkhu wa atate anga. Sanali kunditukwana ai, ulemu wa pakamwa unalipo, koma ndikati lori iyi iyambe kutsitsidwa, iwo amayamba ina. Ndikalemba rota ya sabata, m'mawa ndipeza yasinthidwa ndi bolopeni. Wina anali kundiitana kuti iwe mwana pamaso pa madalaivala, pomwe sapavaiza wamwamuna amene analipo kale anali kumuti a bwana ngakhale anali wamng'ono kwa ine.

A Kapitao, ndi ulemu wonse, ndimva zimene mukamba kuti madoda sanafunsidwe ndipo ndivomera kuti afunsidwe za mobile money ndi za madepo. Koma kukana kumvera mtsikana uja si nkhani ya kusafunsidwa. Akanakweza mnyamata wa zaka zomwezo akanadandaula sabata imodzi nkuzolowera. Tizikamba chilungamo, amuna ambiri kwathu kuno kulamulidwa ndi mkazi pa nchito kumawavuta, ngakhale kuti ife Ansenga ndi Achewa mbumba ndi ya kuchikazi ndipo mafumu aakazi tili nao, a Nyanje ku Sinda akhalapo amai ndipo anthu amagwada. Ku mudzi avomera, pa warehouse akana.

Chimene chinandipulumutsa si wekishopu. Anatitumizako ku maphunziro a utsogoleri ku Lusaka, ndinaphunzirako zabwino monga kukamba ndi munthu wolakwa pambali osati pagulu, ndi kulemba zimene mwagwirizana, koma nditabwerera zinthu zinali chimodzimodzi. Zinasintha pamene manija wathu anayamba kukana kusaina chilichonse chimene sichinadutse kwa ine. Munthu akapita kwa iye kukapempha off kapena advance kapena ovataimu, amangofunsa kuti sapavaiza wako wasaina? Ngati ai, bwerera. Anandipatsa makiyi a stores ndi mphamvu yosankha amene agwire ovataimu. Pamenepo ndi pamene anthu anaona kuti udindo wanga si dzina chabe. Chinanso, mai wina amene anatiphunzitsa ku Lusaka uja anali kundiimbira foni mwezi uliwonse, mphindi makumi awiri chabe, kundifunsa kuti chavuta nchiyani mwezi uno nanga wachitapo chiyani. Ngati mulipira konsatanti, mulipireni kuti azichita zimenezo kwa mtsikana wanu ndi kwa manija yemwe, chifukwa nayenso ali yekha, kunyumba iye ndi mwana wa atate, ku nchito iye ndiye bwana, alibe womuuza mavuto ake.

Ineyo ndinapezanso njira yanga. Mdala amene anali kundivuta kwambiri ndinapita kwa iye ndekha, ndinamuitana atate, ndinamuuza kuti makina awa inu muwadziwa kuposa ine ndipo ndifuna anyamata atsopano aziphunzira kwa inu, koma za rota ndi za malori mundisiyire. Sanayankhe tsiku limenelo koma rota sinasinthidwenso.

Za azimai a ku sorting, musawaitanire ku lodge kuti akamve za diversity mu Chingelezi. Afunseni zinthu zazing'ono zimene zimawapweteka tsiku ndi tsiku. Chimbudzi chao chili ndi chitseko chokhoma? Akapempha Mother's Day, tsiku limodzi lija pa mwezi limene lamulo lipereka, kapitao amawafunsa mafunso ochititsa manyazi? Amene ali okhazikika adziwa kuti maternity leave ndi masabata 14? Pali kapitao amene amasankha a ganyu poyang'ana amene wamuvomera zachikondi? Chomalizachi chimachitika kwambiri nthawi ya marketing pamene azimai ali pa mzere pa geti kufuna ganyu, ndipo palibe adzakuuzeni pa mitingi. Kenaka mutenge awiri kapena atatu amene anafika grade 9 kapena 12 muwaphunzitse sikelo ya digito ndi kulemba ma receipt. Iwo nshawa yabwino ndi yoola amaidziwa ndi manja kuposa aliyense pa kampanipo, nanga chiwaletsa nchiyani kukhala ogula pa depo?

Kopala_mu_Chipata anayankha:

Ine ndine mmodzi wa amene mumati alendo, kwathu ni ku Mufulira, nasewenza kuno ku Eastern pa kampani ya mbeu, Chinyanja changa mukhululuke. Nifuna chabe nikambeko mbali ya anyamata awiri aja.

Kufika pa malo pamene aliyense adziwana, ena ni pachibale, ena apemphera mpingo umodzi, iwe ulowa mu kantini anthu akhala chete, chimawawa. Ndiye umathawira ku Chingelezi na laptop chifukwa ndiye kumene uli na mphamvu, ndipo anthu aona monga ndiwe wonyada pomwe uli chabe na mantha. Ine chinanithandiza ni chimbuya, Abemba na Angoni timatukwanizana mwa masewera, mdala wina ananiyamba tsiku loyamba kuti iwe wadya kolwe m'mawa uno, ine namubwezera za mbewa, tonse tinaseka ndipo kuchoka apo ananitenga ngati mwana wake. Koma mukumbukire kuti mnyamata wa ku Monze alibe chimbuya na anthu a kuno, chimbuya cha Atonga chili na Alozi, ndiye nthabwala imene kwa ine ni masewera kwa iye ikhoza kukhala chitonzo cheni cheni, makamaka ikalowa ndale. Ndiponso chimbuya chili na malire, nikakhala sapavaiza wako siningabise mau onyoza mu chimbuya pamene tikamba za nchito yako.

Malangizo anga, mitingi ya Lolemba ibwerere ku Chinyanja, anyamatawo azivutika nacho monga ine, anthu adzawaseka sabata ziwiri kenaka adzayamba kuwaphunzitsa. Anthu 40 sangasiye chilankhulo chao chifukwa cha anthu awiri. Ma report a ku bodi alembe mu Chingelezi palibe vuto. Chachiwiri muwatume ku madepo, aliyense na kapitao mmodzi wakale, agone komweko sabata, mnyamata aonetse mdala sikelo na foni, mdala aonetse mnyamata alimi na mafumu. Chachitatu maliro. Ine ninaona kuti kuno munthu akuyesa pa maliro, ngati wa pa nchito wafedwa iwe osaoneka, ngakhale uchite zabwino bwanji pa ofesi sadzakuwerengera. Wina awauze anyamatawo, mwina sadziwa.

HR_Chipata anayankha:

Pa maliro ndiwonjezere kuti Code ya 2019 ipereka compassionate leave ya masiku 12 pa chaka ndi malipiro onse munthu akataya mkazi kapena mwamuna wake, kholo, mwana kapena womudalira. Mamanija atsopano ena amayamba kudula malipiro pa maliro pofuna kuonetsa kuti tsopano kuli dongosolo, ndipo pamenepo ndi pamene amataya mitima ya anthu. Lembani bwinobwino kuti maliro a ndani ndi masiku angati, a pamudzi kapena a mnansi mungagwirizane theka la tsiku, aliyense adziwe, kuti asamaoneke ngati ena akondeledwa.

Kapitao_wakale anayankha:

Amai a ku Petauke, mwakamba zoona ndipo sinditsutsa. Ine ndemwe ndinaona anzanga akuchitira mai wina zomwezo pa ginnery mpaka anasiya nchito, ndipo anali wodziwa thonje kuposa tonse. Chimene ndipempha chabe nchakuti powongola madodawa musawachititse manyazi pagulu kapena pamaso pa mlendo wa ku Lusaka, chifukwa mdala akachita manyazi pamaso pa ana sabwereranso, adzangokhala chete nkumayembekeza kuti zinthu zigwe. Muwaitane mmodzimmodzi. Amene akanabe pambuyo pa zonsezo, pamenepo tsatani malamulo amene a HR atchula.

Wa_ku_Kapata anayankha:

Zikomo kwambiri nonse, ndawerenga mobwereza. Lero masana ndinaonetsa a manija zimene mwalemba, anakhala chete nthawi yaitali pa zimene a Kapitao akamba za mabwana awiri, kenaka anati chimenechi ndiye chimandisowetsa tulo koma ndingawauze bwanji atate anga. Tagwirizana kuti tipemphe mkulu wina wa mu bodi, mphunzitsi wopuma amene atate amamumvera kwambiri, apite akakambe nao pamodzi ndi amalume a manija, zisanafike kwa munthu wakunja.

Proposal ija sitisaina. A manija akamba kuti Lolemba adzauza onse mu Chinyanja kuti palibe listi ya ochotsedwa, ndipo ine ndayamba kale kuyang'ana ma contract a akapitao, awiri ali ndi cash handling allowance yolembedwa ndiye a HR mwatithandiza kwambiri pamenepo. Pepala la payroll lija ndalemba, pa sikelo ndi pa makina palibe mzimai ngakhale mmodzi.

Konsatanti tidzamufunabe koma wa gawo lomvetsera ndi loyendera mtsikana uja ndi a manija mwezi ndi mwezi, ndipo tifuna ayambe mu January kuti pofika Nc'wala kumapeto kwa February akhale atamaliza madepo, chifukwa ikangofika May palibe adzakhale ndi nthawi. A HR_Chipata, kodi terms of reference yotere mumailemba bwanji pa gawo la kuyendera mwezi ndi mwezi, mumalipira pa ulendo uliwonse kapena pa mwezi? Nanga odziwa Chinyanja bwino ochita nchito imeneyi alipo muno mu Eastern kapena mpaka titumize ku Lusaka?